Njere Imodzi ya Mtedza wa Mbewu

Lachitatu, 25 Okutobala

Kwatentha kuyambira m'mawa. Tsopano ndi 15 koloko, mphepo kulibe, ndipo nyenje zikulira m'mitengo kuseri kwa wodi osapumira. Ndili pa bedi 6, pafupi ndi zenera, m'wodi ya azimayi. Anandigoneka Lolemba, koma masiku awiri oyambawo sindikuwakumbuka bwino.

Kope ili andipatsa ndi a Sisita Harriet, anesi aakulu a muno. Akuti ndizilembamo kutentha kwa thupi ndi nthawi ya mankhwala, chifukwa akandifunsa kanthu ndimangoyang'ana pansi. Anati pakamwa pakalemera, dzanja lizilankhula.

Ndine Rosina, wa ku Mnkhanya. Ndili ndi zaka 21. Ndinakwatiwa mu Meyi. Amuna anga a Luckson amaphika buledi ku kampu ya alendo, tsidya la Luangwa mkati mwa paki, ndipo satulukanso kufikira kampu itatseka kumapeto kwa mwezi uno. Amene akundidikirira kuno ndi apongozi anga aakazi. Ndimawatchula Amai. Amai ondibala ali kutali ku Katete, miyendo yawo siyenda ulendo.

Thupi lero: m'mawa 39.1, masana 38.7. Kachipangizo kopana chala koyezera mpweya kakuti 89. Andiika timapaipi ta mpweya m'mphuno. Jakisoni akulowera pa kapaipi kapadzanja, kamodzi pa tsiku, 8 koloko. Dzina lake ndakopera pa botolo: ceftriaxone. Panado katatu.

Adokotala akuti ndi chibayo, kumunsi kwa phapo la kumanja.

Lachinayi, 26 Okutobala

Thupi 38.9. Mpweya 90.

Ndapereka makhololo m'kabotolo kuti akayeze TB. Akununkha. Ndinakulunga kabotoloko m'chitenje popereka. Malungo sanawapeze. Magazi a kachilombo ali bwino.

Pa bedi 5 pali a Vivian, mayi wamkulu amene amagulitsa tomato pamsewu wa ku eyapoti. Ali ndi shuga ndi chilonda cha kuphazi chimene sichikupola. Sakhala chete. Akunditchula a Bedi Sikisi, chifukwa atandifunsa dzina kawiri sanamve yankho. Akuti mawu anga ali ngati a mbewa imene ili m'thumba la chimanga. Amai anaseka, nati ndi mmene ndiliri, mwana waulemu, miyezi isanu pakhomo pawo sanandimvepo nditakweza mawu. A Vivian anati akanakhala ndi mtengwa wotero bwenzi atanenepa kawiri.

Amai andiphikira phala la mpunga kukhitchini ya odikirira odwala. Ndamwa masipuni asanu. Thupi likatentha amandipukuta ndi chitenje chonyowa, khosi ndi m'khwapa. Amagona pamphasa pambali pa bedi, ndipo msana wawo ndikudziwa kuti umawawa. Ndi abwino kwa ine. Zimenezi zikundilemera.

Lachisanu, 27 Okutobala

Thupi 38.8. Mpweya 91. TB palibe.

Andikankha panjinga ya odwala kukajambula chifuwa. Adokotala anakweza chithunzicho pa zenera langa. Kumunsi kwa mbali ya kumanja kunali koyera ngati pathiridwa ufa. Anandimvera kumsana nthawi yaitali, uku ndi uku, nati akumva kamluzu mbali imodzi yokha, ndipo sakukakonda. Kenaka anandifunsa ngati ndinatsamwapo kanthu masabata apitawa, munga wa nsomba, njere, chilichonse. Kapena ngati ndinakomokapo wina n'kundimwetsa madzi ndili chigonere.

Amai anayankha ndisanatsegule pakamwa. Anati ayi adokotala, uyu amadya pang'onopang'ono ngati bilimankhwe, sangatsamwe ngakhale madzi.

Adokotala anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana bulangeti. Anadikira pang'ono, kenaka anapita pa bedi 7.

Loweruka, 28 Okutobala

Amai apita kukachapa kumpopi. Ndilemba msanga.

Ndinatsamwa.

Kwa apongozi anga kuli mtedza wa chalimbana umene Atate, apongozi anga aamuna, anabwera nawo kuchokera kumtunda pamene anasamukira kuno kuchigwa, a Luckson asanabadwe. Chaka chilichonse amasunga matumba awiri a mbewu. Ngakhale chaka chimene njovu zinalowa m'munda n'kusiya dothi lokha, matumba awiriwo sanakhudzidwe. Mbewu imeneyo sadya munthu. Adzukulu akamasenda, Amai amawauza kuti aziimba nyimbo za kutchalitchi, kuti m'kamwa muzioneka kuti mulibe kanthu.

Pa 3 Okutobala anandisiyira ntchito yosenda ndekha, pansi pa mtengo wa mango. Sanandiuze zoimba, poti amandikhulupirira. Njala ndinalibe. Mtedzawo unangondikomera m'maso, waukuluukulu, wakhungu lofiirira. Ndinaponya njere zitatu m'kamwa. Ziwiri ndinatafuna, yachitatu ndinali nditangoiluma pakati. Pomwepo Atate anatulukira kuseri kwa nkhokwe ndi khasu paphewa, nati, "Mwaswera bwanji, apongozi?"

Kwathu mtengwa sadya pamaso pa apongozi aamuna kufikira atamumasula, kudya naye m'mbale imodzi pamaso pa anthu. Ine sanandimasulebe. Komanso inali mbewu. Ndinagwada msanga, ndinakoka mpweya kuti ndiyankhe, ndipo chibenthu chimodzi chinapita kumene sikupita chakudya. Moni ndinayankha pakhosi patatseka. Chifuwa chinafuna kuphulika, koma ndinachigwira kufikira atadutsa. Kenaka ndinathamangira kuseri kwa bafa. Ndinatsokomola mpaka misozi, mpaka kusanza. Patapita nthawi chinaleka. Ndinati chatsika.

Patatha sabata ndinayamba kutsokomola osaleka. Kenaka kuzizidwa dzuwa lili pamutu. Kenaka kubaya m'nthiti.

Mwina sizikugwirizana. Kachibenthu kakang'ono chabe. Ndikanena, Amai adzadziwa kuti mtengwa wawo waulemu anaba mbewu, ndipo Atate adzadziwa kuti ndinawayankha moni ndi pakamwa podzaza. Mankhwalawa ndi amphamvu. Ndidikira agwire ntchito.

Thupi 38.6. Mpweya 91.

Sondo, 29 Okutobala

Thupi 38.4. Ndinaona ngati ndayamba kuchira.

Abwera azimayi a kutchalitchi cha pafupi, aimba nyimbo ziwiri ndi kupemphera pa bedi lililonse. Asiya mango oyamba. A Vivian saloledwa zotsekemera, koma anadya limodzi ali chofunda bulangeti, ndipo anaiwala kuti ulusi wa mango umatsala m'mano. A Sisita anawagwira akumwetulira.

Masana Atate anabwera panjinga kuchokera ku Mnkhanya. Sanalowe. Anaima panja pa zenera langa, chammbali, chipewa m'manja, nafunsa za ine kudzera mwa Amai. Anati sakhalitsa chifukwa njovu zayamba kubwera kumango kuseri kwa nyumba. Amai anawafotokozera zonse, za chithunzi, za kamluzu, za funso la adokotala la kutsamwa. Atate anangozunguza chipewa m'manja. Kenaka anati Mulungu alipo, nakwera njinga.

Nthawi yonseyo chifuwa chinali kundikanda, koma ndinachigwira. Atachoka ndinatsokomola mpaka anesi anabwera.

A Vivian anati, "A Bedi Sikisi, mdala uja akafika inu mumaleka kupuma. Ndi apongozi kapena ndi ng'ona?"

Lolemba, 30 Okutobala

Thupi 39.3. Zabwereranso. Mpweya 89.

Awonjezera mankhwala ena a m'diripi, katatu pa tsiku: 6 koloko, 14 koloko, 22 koloko. Dzina lake metronidazole. M'kamwa mukuwawa ngati ndanyambita msomali. Adokotala akuti patatha sabata yathunthu thupi likanayenera kuzizira. Anawerenga pepala langa kawiri.

Phala masipuni awiri.

Lachiwiri, 31 Okutobala

39.0. Mpweya 88. Ndilemba pang'ono. Asintha kapaipi, aika dzanja lamanzere.

Lachitatu, 1 Novembala

Thupi 39.2. Mpweya 88.

Itatha nthawi ya adokotala, Amai anakhala pa bedi, chimene sachita, nandigwira phazi. Analankhula motsitsa. Anati akhala akuwerenga masiku. A Luckson anabwera kunyumba masiku awiri opuma ntchito kumapeto kwa Seputembala, ndipo chifuwa changa chinayamba pambuyo pake. TB palibe, malungo palibe, mankhwala a m'botolo akungopita ngati madzi pamchenga. Anati iwo akudziwa matenda amenewa. Ndi mdulo, chifuwa chimene akulu amati chimagwira mkazi pamene mwamuna wayenda ndi mkazi wina n'kubwera kudzalowa m'nyumba.

Analira. Anati mwana wawo wawachititsa manyazi, ndipo iwo sadzalola kuti mwana wa eni ake afere m'manja mwawo. Loweruka akanditengera kunyumba. Kuli agogo ena ku Mnkhanya odziwa mankhwala ake, koma sagwira ntchito pokhapokha mwamuna atavomera pamaso pa akulu ndi kundimwetsa ndi dzanja lake. Akufuna zithe abale anga a ku Katete asanamve.

Ndinati ayi Amai, a Luckson sangatero. Sindikudziwa ngati mawuwo anatuluka bwino. Anati ndine mwana, amuna a kumakampu sindiwadziwa.

A Sisita Harriet atamva za Loweruka anabwera okha. Anauza Amai kuti ndi mpweya wa 88, popanda timapaipi, pamsewu wafumbi uja, mwina sindikafika ku Mnkhanya. Amai anagwada, nayankha mwaulemu kuti chipatala chapatsidwa masiku khumi, tsopano apatseko mpata akumudzi.

Ndatsala ndi masiku atatu.

Lachinayi, 2 Novembala

Thupi 38.9. Mpweya 89. Dzira lophika, ndadya theka.

Amai ali kukhitchini, a Vivian anatembenukira kwa ine nati akhala akundiona ndikulemba, ndipo manambala okha sangadzaze masamba onsewo. Anati ndili ndi nkhani. Sanandikakamize. Anangoyamba kusimba zawo.

Akuti ali mtengwa watsopano ku Chinzombo anaotcha mbatata paphulusa kuti adye yekha. Atangoifukula, apongozi awo aamuna anatulukira kudzapempha moto wa fodya. Anaiponya m'bulauzi. Mdalayo anali wokonda nkhani. Anakhala pachitsa nayamba kufotokoza za mvuu imene inagubuduza bwato lake kalekale, ndipo iwo anali chigwadire, akuvomera kuti inde, inde, mbatata ikuwotcha. Anatsegula bulauzi kundionetsa chipsera. Chilipodi, chozungulira ngati dzira.

"Zaka makumi atatu," anatero a Vivian. "Mdalayo anamwalira osadziwa kuti anandiphika."

Ndinaseka, ndipo kusekako kunasanduka chifuwa. Makhololo anatuluka ndi timagazi pang'ono. A Vivian analeka kuseka.

Masana a Sisita anabwera kudzasintha diripi. Ndinatulutsa kope pansi pa pilo, chala changa chili pa tsamba la Loweruka lapita. Ndinatambasula dzanja. Pomwepo Amai analowa ndi bakuli. Ndinatsegula tsamba la manambala. A Sisita anati ndimalemba bwino kuposa ana asukulu ya unesi.

Ndi mawu awiri okha. Ndinatsamwa mtedza. Ndayesa kuwanena chamumtima kangapo. Akafika pakhosi amabwerera.

Lachisanu, 3 Novembala

Ndikulemba 16 koloko. Ndatopa koma ndikufuna ndilembe zonse.

A Luckson anafika 10 koloko, molunjika kuchokera kukampu, akali m'malaya a kuntchito, akununkhira utsi wa nkhuni. Anabweretsa buledi womaliza wa mu uvuni wawo, wokulunga m'nsalu yoyera. Aonda. Atandiona ndi timapaipi anaima pakati pa wodi osadziwa poika bulediyo.

Amai sanawalole ngakhale kukhala. Anawatengera panja pansi pa mtengo. Ndinali kuwaona pa zenera. Mawu sindinamve. Ndinaona chala cha Amai chikuloza, ndi mutu wa a Luckson ukukana, ukukana, kenaka unaleka kukana n'kungowerama.

Atabwerera anagwada pambali pa bedi, pamaso pa azimayi onse a m'wodi. Anati, "Rosina, Mulungu akuona, sindinagwire mkazi wina. Koma ngati kuvomera ndiko kukuchiritse, mawa ndikavomera pamaso pa onse. Dzina ndi langa, lionongeke. Iwe ukhale moyo."

Sindinathe kuwayang'ana.

12 koloko adokotala anabwera ndi a Sisita, atanyamula pepala loti wachibale asaine kuti akunditulutsa iwo asanalole. Anafotokozanso zoopsa zake. Amai anati amva. A Luckson analandira cholembera. Dzanja lawo linali ndi chipsera chatsopano cha uvuni pachala chachikulu, ndipo ndinali kuyang'ana pamenepo.

Ndinanena. Palibe anamva, chifukwa pa bedi 2 anali kukoka mpando.

Koma a Vivian anaona milomo yanga. Anamenya kapu pachitsulo cha bedi nati, "Chete nonse. A Bedi Sikisi akulankhula."

Wodi yonse inatembenuka. Ndinanenanso. "Ndinatsamwa mtedza."

Adokotala anaika pepala lija pansi nakhala pa mpando. Sanandikalipire. Anafunsa tsiku, anafunsa ngati unali wauwisi kapena wokazinga, wathunthu kapena chibenthu. Ndinawapatsa kope, tsamba la Loweruka, chifukwa mpweya unandithera. Anawerenga ndi a Sisita. Kenaka anafotokozera onse kuti mtedza suoneka pa chithunzi ngati mmene fupa limaonekera. Ukalowa m'njira ya mpweya umafufuma n'kutseka, mafuta ake amatupitsa mkati, ndipo mafinya amadzaza kuseri kwake. Mankhwala angathire chaka chonse, sachiza chotsekacho chikalipo. Anati a Luckson alibe mlandu ndi chifuwa chimenechi.

Amai anafunsa kuti mtedza wake uti, poti pakhomo wakudya unatha mu Ogasiti.

Ndinati, "Wa mbewu, Amai."

Anakhala pansi pamphasa nadziphimba kumaso ndi chitenje. Mapewa awo anali kugwedezeka. Sindikudziwa ngati kunali kulira kapena kuseka. A Luckson anatuluka, ndipo ndinawaona kumpopi akusamba kumaso nthawi yaitali.

Amai atavundukula nkhope anati, "Mwana wanga ndamunenera zoipa chifukwa cha njere imodzi." Kuyambira pamenepo sanandilankhule. Phala andimwetsa ali chete.

Thupi 39.0. Mpweya 89. Pepala lija silinasainidwe.

Loweruka, 4 Novembala

Lero ndi tsiku limene ndikanakhala pamsewu wa ku Mnkhanya. Ndili pa bedi 6.

Adokotala aimba foni ku chipatala chachikulu cha kumtunda. Kumeneko kuli dokotala amene ali ndi kapaipi kokhala ndi nyali kunsonga, kolowetsa pakhosi mpaka m'mapapo. Tinyamuka Lolemba pa ambulansi. Mankhwala onse apitirire.

Amai akulankhula ndi ine zofunika zokha. Dzukani. Imwani. Zimenezi zikundiyenera.

A Luckson anandifunsa chifukwa chake sindinawauze pa foni. Ndinati ndinachita manyazi. Anati manyazi anga atsala pang'ono kuwasandutsa wachigololo wa Mnkhanya yonse. Ananena akuseka, koma maso anali ofiira. Buledi wawo anagawira wodi yonse. A Vivian anati tsopano amvetsa chifukwa chake azungu amakwera ndege kubwera kuno, si njovu ayi.

38.8. Mpweya 90.

Sondo, 5 Novembala

M'mawa ndinaona Amai akuchapa malaya a kuntchito a a Luckson kumpopi. A Luckson sanawapemphe. Anawayanika bwinobwino pawaya, nakhala pafupi kuwadikira kuti aume. Ndikuganiza kuti ndiko kupepesa kwawo.

Masana anandipesa tsitsi kukonzekera ulendo. Ali kumbuyo kwanga anati bola ndikanadya matumba awiri onse aja, ndi chiguduli chomwe, kusiyana ndi zimene ndawaonetsa. Anakoka tsitsi mwamphamvu pang'ono. Kenaka anati nawonso analakwa kundiyankhira. Anapitiriza kundipesa, tsopano mofatsa.

Lolemba, 6 Novembala

Tafika. Msewu wokwera phiri unandizunguza mutu. Kuno kukuzizira, ndafunda mabulangeti awiri. Wodi ndi yaikulu, mabedi sindinawerenge. Palibe wondiseka, ndawasowa a Vivian.

38.7. Mpweya 90.

Lachiwiri, 7 Novembala

Atenga magazi, ajambulanso chifuwa. Dokotala wa kapaipi ndi mayi, wamfupi, wa magalasi. Anafunsa ine, osati Amai, ndipo ndinayankha ndekha. Akuti adzandigoneka tulo ndi mankhwala, sindidzamva kanthu. Mawa osadya, osamwa. A Luckson asaina pepala, lino ndi loyenera.

Ndikuopa pang'ono.

Lachinayi, 9 Novembala

Dzulo sindinalembe. Anandilowetsa 9 koloko. Ndinauzidwa kuwerenga mpaka teni, ndinafika folo. Nditadzuka pakhosi panali powawa ngati ndameza minga, ndipo Amai anali atandigwira phazi.

Lero adokotala andibweretsera kabotolo. Muli chibenthu chija. Chasanduka chotuwa chakuda, chofufuma, ngati dzino lobunyuka. Akuti chinatuluka zidutswa ziwiri, ndipo kuseri kwake kunali mafinya ambiri amene anawayamwa ndi makina. Anati ndachita mwayi, kukanapita masabata ena awiri mbali imeneyo ya phapo ikanawonongekeratu. Ndinapempha kabotoloko. Anandipatsa.

Masiku 36 chinakhala m'kati mwanga. Ndawerenga pa kalenda ya pakhoma.

Thupi 37.9. Mpweya 94.

Lachisanu, 10 Novembala

37.2. Mpweya 96, timapaipi achotsa. M'mphuno mukumveka mwachilendo.

Andipatsa botolo la madzi ndi kapaipi kuti ndiziuzira mpaka madzi achite thovu, kakhumi pa ola lililonse. Akuti zimatsegula phapo. A Luckson akuwerengera, ndipo akuba manambala kuti ndichite zambiri. Ndadya mpunga ndi nyemba mbale yonse, ndinapempha wina.

Kamluzu kaja katha. Ndinamvetsera ndekha.

Lolemba, 13 Novembala

Atibweza kuchipatala chathu kuti ndimalizire mankhwala pafupi ndi kunyumba. Jakisoni masiku atatu ena, kenaka mapiritsi milungu iwiri. Kuchigwa kukali kotentha, koma mitambo yaunjikana mbali ya kumapiri.

Bedi 6 ndinalipeza lopanda munthu. A Vivian akuti anathamangitsa awiri amene anafuna kugonapo, koma a Sisita akuti ndi bodza. Phazi lawo layamba kuuma. Anafuna kuona kabotolo, ndipo kanayenda wodi yonse, bedi ndi bedi, mpaka kwa wokolopa. Mayi wa pa bedi 3 anati mwana wake wa zaka ziwiri amamupatsa mtedza wathunthu, aleka lero. A Vivian andisintha dzina. Tsopano ndine a Chalimbana.

36.9. Mpweya 97.

Lachiwiri, 14 Novembala

36.8. Ndayenda ndekha mpaka kumpopi ndi kubwerera. Amai apita ku Mnkhanya kukaona pakhomo, abwera mawa.

Ndikuganiza za Atate. Nkhani yonse aimva kale. Sindikudziwa kuti ndidzadutsa bwanji pabwalo pawo.

Lachitatu, 15 Novembala

Mvula yoyamba yagwa 13 koloko. Fungo la dothi linalowa m'wodi, ndipo odwala amene angathe kuyenda anapita kumazenera.

Itangodula, ndinaona njinga ya Atate, Amai ali pakaliyala. Ndinakonza chitenje, ndikuyembekeza kuti aima pa zenera. Sanaime. Analowa pakhomo la wodi, malaya atanyowa, navula chipewa. A Luckson anawapatsa mpando. Anauika kumapazi kwa bedi nakhala moyang'ana ine, osati chammbali. Ndinafuna kutsika kuti ndigwade, anakweza dzanja kundiletsa.

Anapempha kabotolo. Anakayang'ana pa kuwala kwa zenera nthawi yaitali, nati mbewu ndi yawo ndithu, koma munda sunali umenewo. A Vivian anaseka okha. Atate sanaseke.

Kenaka anati, "Apongozi, tsiku lija ndinaona tsaya lanu. Ndinafulumira kudutsa kuti musachite manyazi. Ndinamva mukutsokomola kuseri kwa bafa, ndipo ndinaima pakhola la mbuzi kufikira munaleka. Pa Sondo paja, amai anu atandiuza pa zenera zimene adokotala anafunsa, ndinadziwa. Ndinapalasa njinga mpaka kunyumba ndikudziwa. Koma ndikanayamba bwanji ine kunena za m'kamwa mwa apongozi anga?"

Amai anawayang'ana. Zikuoneka kuti nawonso anali kumva koyamba.

Atate anati anakhala chete, mwana wawo n'kunamiziridwa, ine n'kutsala pang'ono kupita. Anati ulemu umene tinapatsana awirife ukanakumba manda.

Anamasula kansalu kamene anabwera nako m'malaya. Munali mbale yaing'ono ya chiponde ndi nthochi ziwiri. Anati ndi cha mtedza wa mbewu, atapa m'thumba loyamba. Amai anati Atate asinja okha dzulo, mwamuna wamkulu ndi munsi pabwalo, anthu odutsa akuima kuonerera, ndipo anakana kuthandizidwa. Atate anati anafuna chisalale, pasapezeke kanthu kotsamwitsa.

Anasenda nthochi, nasunsa m'chiponde, nadya iwo poyamba. Kenaka anakankhira mbale kwa ine.

Ndinayang'ana Amai. Anagwedeza mutu. Ndinatenga. Ndinadya pamaso pa Atate, pang'onopang'ono, wodi yonse ikuyang'ana. Chinali chokoma, anathira mchere wokwanira.

Pakati pa kudya chifuwa chinabwera, chotsalira chija chimene adokotala akuti chitenga milungu. Ndinayamba kuchigwira monga mwa masiku onse. Kenaka ndinachileka. Ndinatsokomola bwinobwino, mokweza, kanayi. Atate anadikira ndimalize, nandipatsa kapu ya madzi ndi dzanja lawo.

Mawa akunditulutsa. Loweruka abzala mtedza ngati mvula ibwereza. Ine akuti ndikakhale pamthunzi. Amai anena kuti chaka chamawa posenda mbewu aliyense aziimba, ine ndi Atate omwe, ndipo amene ali ndi njala anene.

Thupi 36.7. Mpweya 98.

Tsamba la manambala ndikawasiyira a Sisita Harriet. Enawa ndi anga. Ndamaliza kulemba lero Lachitatu, 15 Novembala, 17 koloko, madzi akali kudontha kudenga.